Zala Zinayi pa Mkono Wanga

Ine si munthu wa mawu ambiri, ndipo amene timapemphera limodzi angakuuzeni kuti ndikhoza kukhala pa benchi chaka chathunthu osamveka kupatula pa nthawi ya nyimbo. Choncho ndikanena kuti zimene ndalemba apazi zinandichitikiradi, mundikhulupirire, chifukwa palibe chimene ndikupindula pozinena, komanso mbali yake yaikulu ndi yondichititsa manyazi. Sinditchula dzina la munthu aliyense. Ena mwa inu a kuno ku Leicester mwina muwazindikira anthu ake, koma ndikupempha kuti mukawazindikira mungosunga mumtima.

Ndimakhala ku Braunstone, m'nyumba ya khansolo imene tinalowa ndi akazi anga ana athu awiri adakali kusukulu. Akazi angawo ankagwira ntchito yosamalira okalamba, ine ku weyahausi, kusanja makatoni m'mashelefu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Akazi anga anadwala khansa zaka ziwiri, ndipo atatopa ndi chipatala anapempha kuti akathere m'nyumba yathu yomweyi. M'miyezi yomalizayo munthu amene ankabwera kawirikawiri kudzawaona sanali dokotala. Anali namwino wa pachipatala chaching'ono cha m'dera lathu, Mmalawi mnzathu wokhala ku Evington, wa mpingo wathu womwe, mayi wocheperapo kwa ife ndi zaka khumi kapena kuposerapo. Akazi anga ankawatchula kuti achemwali, ndiye ine ndinangosanduka alamu, ndipo mukudziwa kuti pachilamu munthu amakunyoza iwe ukuseka.

Apa ndifotokoze pang'ono chifukwa cha abale amene ali kumudzi. Kuno malamulo akhala akusintha pa nkhani ya anamwino. Namwino amene wabwerera kusukulu n'kuphunzira zaka zina zoonjezera amaloledwa kukupima yekha, kukuuza chimene ukudwala, kukulembera mankhwala, kukutumiza kuchipatala chachikulu, ngakhale kusaina chikalata chakuti upume kuntchito, osayamba wakagogoda kwa dokotala. Amuna a kumpingo tinkaikambirana nkhaniyi tikatuluka m'mapemphero, makapu a tiyi ali m'manja. Wina ankati boma likungofuna kubisa kuti madokotala achepa, wina ankati nanga kwathu kuja si tinakula tikutchula adokotala aliyense wovala zoyera, kodi tinatha kufa? Ine ndinkangomwa tiyi wanga. Alamu angawa anali mmodzi wa anamwino oterowo, ndipo mankhwala onse a akazi anga a m'miyezi yomaliza analembedwa ndi dzanja lawo.

Akazi anga anatisiya Lachinayi masana, dzuwa likuwala bwinobwino pawindo. Ndinaimba foni, ndipo amene anabwera anali namwino yemweyo. Anaika chomvera mtima pachifuwa pawo n'kumvetsera, maso ali pa wotchi yomwe ankaipachika pachifuwa, kenako anawatsegula zikope, n'kulemba nthawi papepala, n'kutembenukira kwa ine kuti alamu, achemwali apuma. Kuyambira tsiku limenelo mumtima mwanga munalowa kanthu kamene sindinauzepo munthu, ngakhale Mulungu sindinamuuze ndi mawu, kakuti kukanakhala kuti ankabwera ndi dokotala weniweni, mwina tikanakhala nawo chaka china. Ndinkadziwa kuti khansa inali itafalikira thupi lonse, ndinkadziwa kuti madokotala akuluakulu anali atanena kale, koma kodi mtima wa wamasiye umamva zimenezo?

Tsiku lomwelo namwino uja anandiuza kuti mankhwala onse otsala m'nyumba ndikawabweze ku famase, kumene tinkawatenga. Patapita milungu iwiri anandikumbutsa kutchalitchi, ndipo ndinayankha kuti ndinabweza onse. Limenelo linali bodza loyamba. Ndinabweza jumbo imodzi, ija ya mankhwala amphamvu opha ululu, koma ina ndinaiika pamwamba pa kabati ya zovala. Musafulumire kundiweruza. Ine ndinakulira kumene munthu umayenda mtunda wautali kupita kuchipatala n'kukauzidwa kuti mankhwala atha, kumene mayi anga ankamanga mapilisi atatu otsala pa nsonga ya chitenje kudikira tsiku loipa. Ndiye munditumize kukataya mabokosi osatsegula n'komwe, odzaza, dzina la akazi anga litamatidwa pamwamba? Dzanja linakana.

Pali chinanso chimene muyenera kudziwa. Maliro tinaika konkuno, chifukwa ana anati akufuna manda oti azikafikako pa basi. Amalume a anawo, mlongo wawo wa akazi anga, sanagwirizane nazo, ndipo pa foni anandiuza mawu amene anandikhala m'khutu, akuti mwamuika mlongo wanga m'dothi la eni ake, lozizira, kopanda mbale wake ndi mmodzi yemwe, ndiye mukuganiza kuti agona? Ndinawayankha mwaulemu kuti akufa ali m'manja mwa Ambuye kulikonse kumene agona, ndipo ndinkakhulupiriradi zimenezo, kapena ndinkayesa kuti ndikukhulupirira.

Patatha chaka ndi miyezi, ana atabwerera kumene amagwira ntchito, mwendo wanga wamanzere unayamba kutupa ndi kuwawa pa katumba chifukwa choimirira tsiku lonse. Ndinakumbuka kuti zaka za m'mbuyomo, khansa isanabwere, akazi anga anatupaponso mwendo, ndipo anawapatsa timapilisi ting'onoting'ono timene anamwa kwa nthawi yaitali mpaka pamene anawasinthira ku jakisoni. Ndinkawaperekeza kukabayidwa chala mwezi ndi mwezi, iwo atanyamula kabuku kachikasu, ine n'kumawadikira pakhonde, koma sindinafunsepo kuti magaziwo amawayezeranji. Za mankhwala m'nyumba mwathu zinali za iwo, monga za mababu ndi mabini a zinyalala zinali za ine. Ndinatsitsa jumbo ija, n'kupeza timapilisi tija, ta pinki, mabokosi atatu. Ndinaganiza kuti nthenda yake ndi yomweyo, mwendo wake ndi womwewo, nanga ndikavutitsirenji anthu? Ndinayamba kumwa monga timamwera mankhwala alionse kwathu, limodzi m'mawa, limodzi madzulo, n'kumaonjezera bulufeni wa ululu. Ndinenenso zoona, ndikatsegula bokosi lija n'kuona dzina lawo, zinkakhala ngati akundisamalirabe. Mwendo unayamba kuphwa, ndipo ndinathokoza Mulungu.

Linali Lolemba m'mawa, ndikusamba kuti ndizipita kuntchito, pamene ndinaziona koyamba. Mkati mwa mkono wanga wamanja, pamene khungu limakhala loyererako, panali zipsera zinayi zakuda bii, zondondozana, ndipo nditatembenuza mkono ndinapeza chachisanu kuseri. Simukanafunika kukhala munthu wophunzira kuti muone kuti ndi dzanja, zala zinayi ndi chala chachikulu. Sizinkawawa. Ndinaima m'bafamo madzi akungotayika, chifukwa pamalo pomwepo ndi pamene akazi anga ankandigwira tikamawoloka msewu, zaka zonse za ukwati wathu. Ndinkakhala ndekha m'nyumba, zitseko ndinkakhoma, ndiye anandigwira ndani?

Ndinavala malaya a manja aatali n'kupita kuntchito. Mkati mwa mlungu zipsera zija zinayamba kuzimiririka, ndipo ndinadziuza kuti mwina ndinadzigunda ndi katoni. Lolemba lotsatira zinabweranso, zatsopano, pamwamba pang'ono pa zoyambazo, ndipo tsopano panali zinanso paphewa, ngati munthu anandigwira kuti nditembenuke. Kenako nkhama zinayamba kutuluka magazi ndikamatsuka mano, thovu lonse lofiira. Kenako mkodzo unasanduka ngati tiyi wopanda mkaka. Abale anga, ine ndakhala Mkhristu kuyambira ubwana, ndine mkulu wa mpingo, ndipo ndalangizapo anthu kuti asamaope mizimu, koma masiku amenewo mawu a amalume a ana anga ankandizungulira m'mutu ngati ntchentche. Za timapilisi tija sindinaganizeko ngakhale kamodzi. Amene aja anali mankhwala a mwendo, ndipo mwendo unali kuchira, ndiye akhudzana bwanji ndi mkono?

Ndinasala kudya masiku atatu, koma mapilisi ndinkamwabe ndi madzi. Loweruka lina masana ndinakwera basi kupita kumanda, ndinagwada pa udzu wonyowa, n'kuyamba kupepesa kwa akazi anga kuti ngati ndinalakwa powagoneka kuno andikhululukire, asanditenge ana asanakhazikike. Ndikuyankhula choncho ndinkayang'ana uku ndi uku kuopa kuti wina wa kumpingo angandione mkulu wawo akupempha kwa wakufa. Abusa sindinawauze. Ndikanayamba ndi mawu oti chiyani?

Musaganize kuti za chipatala sindinaziganizire. Ndinaimba foni, ndipo mayi wa pa risepishoni anati dokotala alibe malo mpaka patatha milungu itatu, koma namwino wamkulu akhoza kundiona tsiku lomwelo, ndipo anatchula dzina la alamu anga aja. Ndinati ndidikira dokotala. Patapita masiku anayi, mkodzo utafiiriratu, ndinaimbanso, yankho linali lomwelo, ndipo inenso yankho langa linali lomwelo. Mayiyo anachita kundichonderera kuti namwinoyu amachita zonse zimene dokotala angachite pa vuto ngati langa, koma ndinathokoza n'kudula foni. Zifukwa zinali ziwiri. Choyamba chinali kanthu kaja ka mumtima, kakuti dzanja limene linalemba nthawi ya imfa ya akazi anga lisandikhudze. Chachiwiri chinali chakuti ndinkafuna mzungu. Ndinkafuna munthu woti akayang'ana mkono wanga atchule dzina lalitali la Chingerezi, ine n'kupuma. Mmalawi mnzanga akanayang'ana n'kuona chimene ine ndinkaona, ndipo ndinkaopa kuchiona pankhope pake.

Lachitatu la mlungu wachinayi ndinawerama kuntchito kutola tepi, ndipo podzuka ndinagunda mutu ku chitsulo cha shelefu. Sikunali kugunda koti munthu n'kukuwa, anzanga anangoseka kuti shelefu yapepesa, inenso ndinaseka. M'mawa mwake ndinadzuka mutu ukulemera ngati wina waika njerwa mkati, ndipo pomanga mabatani a malaya dzanja lamanzere linkaphonya mabowo. Ndinakwerabe basi. Titangodutsa masiteji awiri ndinamva kanthu kofunda pamlomo, ndipo poyang'ana pansi malaya anali atafiira kale. Mphuno inkatuluka magazi ngati mpopi wosatseka bwino. Mayi wina wachikulire wachizungu anandipatsa mapepala onse a m'chikwama chake, ananyowa onse, wina anandipatsa mpango, unanyowanso, ndipo anthu anayamba kusuntha kundisiyira malo. Basi ya kuntchito kwanga imadutsa pafupi ndi chipatala chaching'ono chija. Ndinatsika, osati chifukwa cha nzeru, koma chifukwa cha manyazi odetsa basi ya eni ake.

Mayi wa pa risepishoni atangondiona anaimirira, osafunsa n'komwe dzina. Ndinamva ndekha pakamwa panga pakutuluka mawu akuti ndikufuna dokotala, ndipo anati dokotala m'mawa umenewo anali ku nthambi yawo ina, kutsidya kwa tauni. Chitseko cha m'kati chinatseguka, ndipo amene anatuluka anali alamu anga, wotchi ija ili pachifuwa.

Anandilowetsa m'chipinda chawo akundinyoza monga mwa masiku onse, akuti alamu, mwayamba liti ndewu za m'mabasi, kapena mwafunsira mkazi wa mwini? Anandikhazika pampando, anandiweramitsa, n'kundiuza kuti nditsine mphuno mwamphamvu. Atatenga lamba woyezera kuthamanga kwa magazi ndinawapatsa mkono wamanzere, koma anati dzanja limenelo ndi limene latsina mphuno, ndipo ndisanakane anali atapinda kale malaya a mkono wamanja. Nthabwala zinathera pomwepo. Anayang'ana nthawi yaitali, anatsegula kolala n'kuona za paphewa, kenako anafunsa motsitsa mawu kuti wakhala akukugwirani ndani. Ine, mphuno ili chitsinire, mawu akutuluka ngati a mwana, ndinati ndi achemwali anu.

Sanaseke, ndipo pa chimenecho ndidzawathokoza mpaka kufa. Anaika dzanja lawo pa zipsera zija n'kunena kuti alamu, achemwali anali ndi timanja tating'ono kuposa tanga, taonani, zala izi ndi za mwamuna. Kenako anandimanga lamba uja, anapopa, anawerenga, n'kumasula. Pamene panali lambayo panatsala mzere wofiirira kuzungulira mkono wonse, ndipo tonse awiri tikuyang'ana, mzerewo unayamba kuda, timadontho tikutuluka pansi pa khungu ngati mvula ikamayamba pa fumbi. Anandifunsa kuti nanga makinawa nawonso ndi mzimu? Akuti magazi anu sakugwirana, aliyense wokukhudzani akusiya chidindo, ndiuzeni mukumwa mankhwala anji.

Ndinati panado basi. Limenelo linali bodza lachiwiri, ndipo ndinalinena ndisanaganize n'komwe, chifukwa pa nthawi yomweyo, kwa nthawi yoyamba, jumbo ija ya pamwamba pa kabati inandibwerera m'maso. Anayang'ana pa kompyuta n'kuona kuti palibe amene anandilemberapo kalikonse. Anafunsa ngati pali zitsamba zimene wina wanditumizira kuchokera kumudzi, ndinati ayi. Anafunsa ngati ndayamba mowa, ndinati ayi. Kenako anatsegula dirowa n'kutulutsa kamakina kakang'ono, anandibaya chala, n'kudontheza magazi pa kapepala, ndipo ndinakazindikira, kanali kofanana ndi kaja ankayezera akazi anga. Tinadikira. Kamakinako kanalira koma sikanaonetse nambala. Anabayanso chala china, chimodzimodzi. Anandiuza kuti kakatero ndiye kuti magazi asungunuka kupitirira pamene iko kamatha kuwerenga, ndipo chala choyamba chija chinali chikudonthabe pansi.

Anafunsa ngati ndagwa kapena kugunda mutu masiku amenewa, ndipo nditawauza za shelefu ija nkhope yawo inasintha mwa mtundu umene ndinauonapo kamodzi kokha, m'chipinda chathu chogona, tsiku limene akazi anga anapuma. Anandiwalitsa tochi m'maso, anandipatsa zala zawo kuti ndifinye ndi manja onse awiri, ndipo ngakhale ine ndinamva kuti lamanzere likungogwira ngati la munthu wogona. Anakoka mpando n'kukhala pafupi kwambiri, maondo athu kugundana, n'kunena kuti alamu, ndilibe nthawi yokunyengererani. Akuti mwina chiwindi chanu chaleka kugwira ntchito, mwina mwameza chinachake, ndipo chimene ndichite m'mphindi zikubwerazi chidalira yankho lanu, ndiye ndikufunsani komaliza, mankhwala a achemwali munabwezadi onse?

Mukhoza kudabwa, koma ngakhale pamenepo ndinazengereza. Magazi akutsikira kukhosi, mutu ukugunda, dzanja likufa, ine chimene ndinkaopa kwambiri chinali chakuti mayi amene ndinamunamiza pakhomo la tchalitchi adziwe kuti mkulu wa mpingo ndi wabodza. Sindikudziwa kuti panadutsa nthawi yaitali bwanji, mwina mphindi imodzi, mwina zitatu. Kenako ndinapukusa mutu. Anafunsa mtundu wake, ndinati a pinki. Anafunsa angati, ndinati limodzi m'mawa limodzi madzulo, pamodzi ndi bulufeni. Anafunsa masiku angati, ndinati ukutha mwezi. Anagwira pakamwa n'kunena kuti mayo ine, alamu, amenewo ndi osungunula magazi, achemwali ankamwa ochepa kuposa pamenepo, komanso atayezedwa kaye, inu mwakhala mukudzikhetsa nokha.

Zimene zinatsatira zinachitika mothamanga. Anakuwira wa pa risepishoni kuti aitane ambulansi, anatsegula kabati yokhoma, anatulutsa kabotolo, analemba papepala n'kusaina okha, n'kundibaya pamtsempha wa padzanja. Anati amenewa ndi oyamba kubweza mphamvu ya mapilisi aja koma amachedwa kugwira, enieni ali kuchipatala chachikulu. Ndi foni ili pakhutu ankayankhula Chingerezi chothamanga ndi a kuchipatalako, kuwauza kuti akonzekere munthu amene mwina akukha magazi m'mutu, ndipo ndinkamva kuti a mbali inayo sakuwafunsa kuti dokotala wanu ali kuti, akungolemba zimene akuuzidwa. Ine mu uchitsiru wanga ndinafunsabe ngati sikukanakhala bwino kudikira adokotala abwere adzaone kaye. Anatseka foni ndi chikhatho n'kundiyang'ana, akuti alamu, mukadikira adokotala, ine ndidzabweranso kwanu kuja ndi wotchi yangayi.

Mu ambulansi ndi mmene ndinadziwira mantha enieni. Ndinafuna kunena Pemphero la Ambuye, limene ndalinena tsiku lililonse kuyambira ndisanayambe sukulu, ndinafika pa dzina lanu liyeretsedwe, ndipo kutsogolo kunalibe kanthu. Ndinabwerera poyambira, ndinafikanso pomwepo, mdima. Mawu ndinkawamva kuti alipo penapake, ngati munthu ali kuseri kwa chitseko, koma sankabwera. Mnyamata wa ambulansi ankandifunsa dzina la mwana wanga wamkazi kuti amuimbire, ndipo nkhope ya mwanayo ndinkaiona bwinobwino, mpata wa mano ake, koma dzina limene ndinamupatsa ndekha linali litachoka. Kodi munthu angafe bwanji osatha kuitana mwana wake kapena Mulungu wake? Ndinangogwira chitsulo cha bedi ndi dzanja limene linkagwirabe, n'kumabwereza mawu atatu aja.

Kuchipatala chachikulu anandilandirira pakhomo, mankhwala atakonza kale. Anandijambula mutu n'kupeza kuti magazi akukha pang'onopang'ono mkati mwa chigaza, pamene ndinagunda paja. Anandiika madiripi, anandigoneka pansi pa maso awo masiku ambiri, ndipo mwa chisomo kukhako kunaleka asanafike pong'amba. Mawu anabwerera tsiku lachiwiri, dzina la mwana wanga linabwera iye ataima kale pambali pa bedi akundikalipira m'Chingerezi uku akulira. Dokotala wa kumeneko, amene ndinkamufuna uja, mzungu wa imvi, ananditchuliradi dzina lalitali la nthenda yanga, koma anawonjezera kuti chimene chinandithandiza n'chakuti amene anandiona poyamba anadziwa choti afunse ndipo sanadikire munthu.

Amuna a kumpingo anabwera kudzandizonda Lamulungu masana. Woyamba kulowa, bambo wamkulu thupi amene timakhala naye benchi imodzi, anandipatsa moni monga wakhala akuchitira Lamulungu lililonse chimwalirireni akazi anga, dzanja lamanja m'dzanja langa, lamanzere litafinya mkono wanga, akuti limbani mtima achimwene. Wachiwiri anandigwira paphewa n'kundigwedeza. Ndinayang'ana pamene panali zala zawo, ndipo ndinayamba kuseka mpaka misozi, iwo n'kumayang'anana kuganiza kuti mutu uja sunabwerere bwino. Mzimu umene unkandigwira Lolemba lililonse unali chitonthozo cha abale anga cha dzulo lake.

Nditatuluka ndinapita kwa alamu anga kuti andisainire chikalata cha kuntchito, nditanyamula jumbo ija kuti aione ndi maso ndisanakaisiye ku famase. Ndinawauza zonse, ngakhale kanthu kaja ka mumtima. Anati ankadziwa, chifukwa chichokereni kumanda ndinasiya kuwatchula alamu n'kuyamba kuwatchula anamwino, ngati mlendo. Akuti tsiku limene achemwali anapuma anakalira m'galimoto theka la ola asanapite kwa wodwala wina, ndipo mankhwala onse amene ankalemba ankakambirana ndi madokotala a khansa, kungoti ine sindinafunse. Kenako ananena chinthu chimene chinandipweteka kuposa jakisoni aliyense, akuti kulakwa kwawo kunali kumodzi, kuti kwa anthu ena amafunsa kawiri n'kupempha kuona kabati, koma kwa ine anangomva mawu anga chifukwa anati bambo awa sanganame.

Za lamulo lija amuna kumpingo akukanganabe, ndipo ine sindinganene kuti namwino aliyense amene wapatsidwa cholembera ndi wofanana ndi ameneyu, monganso madokotala sali ofanana. Chimene ndikudziwa n'chakuti m'mawa umenewo m'nyumba monse muja munali munthu mmodzi yekha wodziwa chochita, ndipo lamulo linamulola kuchichita. Za akufa ndazisiya m'manja mwa Mwini wake. Ndikukhulupirira tsopano kuti akazi anga akugona mwamtendere m'dothi lozizira lomwelo, ndipo ndimachita manyazi kuti ndinawaganizira zondizunza, munthu amene moyo wake wonse sanandikwezerepo mawu.

Ndiye abale anga, makamaka inu amene mwaferedwa kuno kutali, ndikudziwa kuti m'makabati mwanu muli majumbo, ena mukusungira tsiku loipa, ena mukudikira wopita kumudzi kuti akapatse achibale. Kabwezeni. Akakuuzani kuti dokotala palibe koma namwino alipo lero, pitani lero, ndipo akakufunsani chimene mwamwa, yankhani pa funso loyamba. Ine ndinayankha pa lachitatu, nditakana kale kawiri pa foni, ndipo dzanja langa lamanzere silinabwererenso mwakale, limagwetsa makapu, limalephera mabatani. Mukadzaona bambo wina kutchalitchi atagwira buku la nyimbo ndi dzanja limodzi, linalo lili m'thumba, musavutike kumufunsa kuti zinatani. Mukafika kunyumba, kwerani pampando, muone chimene chili pamwamba pa kabati yanu.